Kubzala ndi Tsiku Limodzi, Kulera ndi Zaka Zitatu

Mawu owerenga: Luka 13:1-9 ndi Genesis 21:33-34

  

Nyengo yobzala mitengo m'dziko lathu imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Kale linali tsiku limodzi lokha, limene boma linakhazikitsa mu 1976, ndipo ife achikulire tikukumbuka mmene ana a sukulu ankanyamulira mbande m'mwezi wa Januwale. Ndiye kuti patha zaka pafupifupi 50 Amalawi tikubzala mitengo chaka ndi chaka. Funso limene ndabwera nalo kwa inu ndi ili: mitengo yonseyo ili kuti?

Mwambo wobzala mitengo tonse timaudziwa. Amamanga matenti, amayala mipando, alendo olemekezeka amafika pa galimoto. Ife amayi timaitanidwa kuti tikayimbe, ndipo timapita titatchena yunifomu yathu. Mlendo wolemekezeka amagwada n'kuika mbande m'dzenje, wina n'kuthirira, anthu n'kuwomba m'manja, ojambula n'kujambula. Pofika madzulo aliyense wabalalika. M'mawa mwake mbuzi ndiye zimabwera kudzatseka mwambo. Zimene mbuzi zasiya chiswe chimadya, ndipo zimene chiswe chasiya dzuwa la Okutobala limamaliza. Chaka chotsatira timakumba maenje atsopano pamalo omwe aja.

Sindikunyoza miyambo imeneyi ayi. Ndi yabwino, ndipo mukaitanidwa pitani. Koma uthenga wanga ndi wakuti ife amayi a mpingo tikhale anthu otsalira pamene alendo apita.

Wantchito wa m'munda

Mu Luka 13, anthu anauza Ambuye Yesu za Agalileya amene Pilato anawapha. Ambuye anawonjezapo nkhani ya anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Ndipo anakana kwa mtu wa galu kuti anthu amenewo anali ochimwa kuposa anzawo. Mawu amenewa tiwasunge bwino ife a m'chigwa muno, chifukwa madzi akasefukira pamamveka anthu ena onena kuti Mulungu akulanga a ku Nsanje ndi a ku Chikwawa. Mwana amene anakokoloka ali kumsana kwa mayi ake analakwanji? Ambuye sanaloze chala kwa akufawo. Anatembenukira kwa amoyo n'kuwauza kuti atembenuke mtima.

Atatero anapha fanizo. Munthu wina anali ndi mkuyu m'munda wake wamphesa. Kwa zaka zitatu ankabwera kudzafuna nkhuyu koma osapeza kanthu. Atatopa analamula kuti mtengowo udulidwe, poona kuti ukungotha malo. Koma wantchito wosamalira mundawo anaupemphera chaka china chimodzi, ndipo analonjeza ntchito ziwiri: kuukumbira m'mbali ndi kuuthira manyowa.

Tanthauzo loyamba la fanizoli ndi kuleza mtima kwa Mulungu. Mkuyu uja ndi ife, ndipo tili moyo lero chifukwa alipo wotipempherera. Koma tayang'anitsitsani wantchito uja, amayi. Chifundo chake sichinathere pakamwa. Anapempha, kenako anatenga khasu. Anavomera kugwira ndowe ndi manja ake kwa chaka chathunthu, chifukwa cha mtengo wa mwini, umene sankadziwa ngati udzabala. Pa ntchito imeneyo panalibe owomba m'manja. Umu ndi mmene Ambuye amachitira ndi ife, ndipo umu ndi mmene akufuna kuti ife tichitire ndi zimene anatisungitsa.

Chigwa chathu chikudwala

Pa ntchito ya unamwino tinaphunzitsidwa kuyamba ndi zizindikiro tisanapereke mankhwala. Chigwa chathu chikuonetsa zizindikiro zitatu.

Choyamba ndi kutentha. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu wamkulu wamphamvu amapirira, koma khanda, nkhalamba ndi mayi woyembekezera madzi amawathera m'thupi msanga. Pa zaka zanga za ntchito ndinaona amayi ambiri akudikira sikelo panja kuyambira m'mawa mpaka masana, mwana kumsana. Pamene panali mtengo, mzere unkatsata mthunzi, ndipo amayi ankadikira mpaka mwana atabayidwa katemera. Pamene panalibe, ena ankabwerera kunyumba asanathandizidwe. Mthunzi si chinthu chongokongoletsa. Kuno kwathu mthunzi ndi mbali ya chithandizo.

Chachiwiri ndi madzi osefukira. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudutsa m'midzi ya ku Makhanga, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 200,000 anathawa m'nyumba zawo. Mu Malichi 2019 inabwera mvula ya namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la magetsi ku Kapichira, ndipo magetsi anavuta m'dziko lonse kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, ndipo omwalira pamodzi ndi osowa anaposa 1,000. M'zaka zomwezo za 2022 ndi 2023 kolera inapha anthu oposa 1,700. Izi sitikuchita kumva. Ena mwa inu munagona m'misasa ndi m'makalasi a sukulu.

Mitengo ikukhudzidwa bwanji? Mvula ikagwa paphiri la mitengo, masamba amaichepetsa mphamvu, zinyalala zapansi zimaigwira, ndipo mizu imaitsegulira njira yolowera m'nthaka. Ikagwa paphiri lometedwa, imathamanga yonse nthawi imodzi itanyamula dothi ndi mchenga. Ikafika kuno kuchigwa, kumene malo ndi athyathyathya, madzi amachepa liwiro n'kutula mchengawo m'mitsinje. Ndi chifukwa chake mitsinje ngati Mwanza inadzaza mchenga, mwakuti mvula imene kale inkadutsa bwinobwino m'khwawa lero imalowa m'minda ndi m'nyumba. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu: mitengo yokha sikanaletsa mvula ngati ya Freddy. Akatichenjeza kuti tisamukire kumtunda, tisamuke. Koma mitengo, nsungwi, bango ndi vetiva zimagwira gombe la mtsinje ndipo zimachedwetsa madzi, ndipo nthawi zina ola limodzi lokha ndi lokwanira kuti mayi atulutse ana ake m'nyumba.

Chachitatu ndi nkhuni ndi utsi. Amene amayenda mtunda wautali kukafuna nkhuni ndi mayi ndi mwana wamkazi. Amene amakhala pa mafuwa m'khitchini yodzaza utsi, khanda lili kumsana, ndi mayi yemweyo. Utsi umenewu umathandizira chifuwa ndi chibayo mwa ana, ndipo umawononga maso. Choncho munthu asatiuze kuti za mitengo ndi za abambo kapena za boma. Mtengo ukadulidwa, woyamba kulira ndi ife.

Mitengo ya pakati pa anthu

Lero sindikunena za nkhalango zikuluzikulu monga Matandwe, Lengwe, Majete kapena Mwabvi, zimene zili ndi alonda ndi malamulo ake. Ndikunena za mitengo ya pakati pa anthu: ya pamsika, pokwerera basi, pasukulu, pachipatala, pamjigo, patchalitchi ndi m'mbali mwa misewu ya m'matauni athu. Mitengo imeneyi ikachuluka imapanga nkhalango yakeyake, nkhalango ya m'tauni, imene imaziziritsa mpweya, kugwira fumbi ndi kuchepetsa mphepo imene imasasula madenga.

Tangoganizani za mitengo ya nimu imene timakhala pansi pake pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Boma la Nsanje. Nimu kwawo ndi ku India. Anafika kuno chifukwa anthu anamubweretsa, wina anabzala, wina anathirira, wina anatchinga mbuzi. Mayina awo sitiwadziwa, koma tsiku lililonse timagulitsa tomato ndi mandasi pa mthunzi wawo.

Vuto la mtengo wa pamsika ndi lakuti uli ngati mwana wamasiye: aliyense amafuna kumutuma, koma palibe womusambitsa. Wina amakhomapo misomali, wina amasenda khungwa kuti akapange mankhwala, wina amamangirirapo ng'ombe, wina amatenthera zinyalala patsinde. Ukauma, aliyense amadandaula kuti pamsika pakutentha. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ife amayi a Mothers' Union tinalonjeza kulera ana ndi kuthandiza mabanja amene ali pa mavuto. Kulera timakudziwa. Mitengo ya m'matauni athu sikusowa obzala. Ikusowa amayi oilera.

Pajatu kubadwa kwa mwana ndi chiyambi chabe. Palibe mayi amene amati akachira amayimba nthungululu n'kumusiya mwana pa mphasa kuti adzionere yekha. Amamuyamwitsa, amamugoneka m'neti, amapita naye ku sikelo mwezi ndi mwezi mpaka atakwana zaka 5, ndipo zonse zimalembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Mbande nayonso ndi khanda. M'chigwa chotentha ngati chathu imafuna kuleredwa mpaka itadutsa chilimwe katatu. Ikafika pamenepo mizu yafika pansi, mbuzi sizingafikirenso nsonga yake, ndipo imadziimira yokha.

Ife tili pa mthunzi wa ena

Mpingo wathu wa Anglican m'dziko muno unabzalidwa ndi misozi m'chigwa chino. Bishopu Charles Mackenzie anafika mu 1861, ndipo pa 31 Januwale 1862 anamwalira ndi malungo pafupi ndi Chiromo, pamene Ruo amakumana ndi Shire. Anzake anasamuka ku Magomero n'kudzakhala kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa, m'nthawi ya chilala ndi njala yoopsa. Kumeneko mu 1863 anamwalira wansembe Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson. Otsala anachoka, ndipo m'maso mwa anthu ntchitoyo inaoneka ngati mbande youma. Koma lero ife tikulandira Mgonero m'matchalitchi a m'chigwa chomwechi. Iwo sanakhale pa mthunzi wa zimene anabzala. Tikukhalapo ndife.

Ngakhale makolo athu asanamve Uthenga Wabwino ankadziwa kusunga mitengo. Nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona, yakhala zaka mazanamazana anthu osaloledwa kudulamo mitengo. M'madera ambiri mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha. Ife chikhulupiriro chathu chili mwa Khristu, koma tidzifunse: ngati anthu asunga mitengo chifukwa cholemekeza mizimu ndi akufa, nanga ife amene timati timadziwa Mlengi mwini wake, tilephera bwanji kuisunga chifukwa cha ana amoyo?

Mpingo wathu pa dziko lonse unalankhulapo kale. Mu 1990 kusamalira chilengedwe kunaikidwa kukhala chizindikiro chachisanu cha utumiki wa mpingo wa Anglican, pambali pa kulalikira, kuphunzitsa ndi kubatiza, kuthandiza osowa, ndi kulimbana ndi kupanda chilungamo. Mu 2022, mabishopu atasonkhana ku Lambeth Conference ku England, anakhazikitsa ntchito yotchedwa Communion Forest, yolimbikitsa madayosizi ndi maparishi kuteteza mitengo imene ilipo, kubwezeretsa malo owonongeka ndi kubzala yatsopano. Choncho mayi amene wanyamula ndowa kukathirira mbande pachipatala sanasiye ntchito ya Mulungu. Ali pa ntchito ya Mulungu.

Ndipo amayi anachitapo kale zotere. Ku Kenya, mu 1977, Mayi Wangari Maathai anayambitsa Green Belt Movement pamodzi ndi amayi a kumidzi amene ankadandaula za nkhuni, madzi ndi chakudya, madandaulo athu omwewa. Chimene ndimachikonda pa ntchito yawo ndi chakuti ankawerengera mitengo imene yapulumuka, osati imene yangoikidwa m'dzenje. Mu 2004 mayiyu analandira mphoto ya mtendere ya Nobel, woyamba mwa amayi a mu Africa.

Zimene timanena pozemba

Ndikudziwa zimene zili m'mitima ya ena, chifukwa timazimva m'misonkhano.

Wina akuti, “Ine ndili pa lendi, malo ndi a eni, ndibzalirenji?” Wina akuti, “Kuno tinachita kusamutsidwa ndi madzi, si kwathu.” Werengani Genesis 21. Abrahamu anabzala mtengo ku Beereseba n'kupembedza Mulungu wamuyaya pamenepo, ndipo ndime yotsatira ikutiuza kuti ankakhala ngati mlendo m'dziko la Afilisti. Munthu wa m'mahema, woyendayenda, wokalamba, anabzala chinthu chimene sakanatha kuchinyamula posamuka. Pemphani chilolezo kwa eni nyumba kapena kwa amfumu, ndipo bzalani. Kupatsa n'kuika. Inunso kumene mudzapite mudzapeza mthunzi wa wina.

Wina akuti, “Madzi akumwa omwe akutivuta, ndiye tithirire mitengo?” Dandaulo limeneli ndi loona, makamaka kumene mijigo ili kutali kapena ili ndi madzi amchere. Yankho lake ndi kubzala yochepa. Gulu la amayi 20 lisalandire mbande 1,000 chifukwa choti ndi zaulere. Litenge 40, mayi aliyense ziwiri. Madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi mbale, ngati alibe sopo wambiri, ndi okwanira mbande ziwiri. Mitengo 40 yamoyo iposa 1,000 ya m'lipoti.

Wina akufunsa, “Kodi kuli kangachepe?” Amayi anzanga, pano ndilankhule mosapsatira. Chizolowezi cha alawansi chatilowa mpaka m'mafupa, mwakuti ngakhale msonkhano wokambirana za chitsime chathu chomwe timafuna atilipire. Wantchito ayenera malipiro ake, ndipo bungwe likalemba anthu ganyu liyenera kuwalipira. Koma mthunzi wa pasukulu pamene pakuphunzira mdzukulu wanu, akulipireni ndani? Tikamapita kukazonda odwala kapena kukaphika pamaliro sitifunsa envulopu. Ntchito iyi tiiike m'gulu lomwelo.

Wina akuti, “Olakwa ndi ootcha makala.” Tonse timawaona anyamata akukankha njinga zodzaza matumba pa chitunda cha msewu wopita ku Blantyre, thukuta lili kamukamu. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso. Koma mnyamata uja sakankha njinga chifukwa chodana ndi mitengo. Akufuna ufa. Ndipo thumba limene wanyamula likupita kukhitchini ya wina wa ife. Tisanaloze chala, tiyambe ndi mafuwa athu. Chitetezo mbaula, imene imaumbidwa ndi dothi, imatha nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu ndipo utsi umachepa. Mapesi a nandolo ndi zitsononkho zimayaka bwino mmenemo. Kuviika nyemba usiku ndi kuvundikira mphika nakonso kumapulumutsa nkhuni.

Tichite chiyani tsono?

1. Yambani ndi anthu, osati ndi mbande. Pitani kwa abambo wansembe ndi akuluakulu a mpingo, kenako kwa amfumu, kwa aphunzitsi aakulu, kwa komiti ya msika kapena ya chipatala. Kaonaneni ndi alangizi a zankhalango ndiponso komiti ya m'mudzi yoona zachilengedwe. Ngati komitiyo ilipo, lowanimo. Ngati inagona, idzutseni. Ngati malo ali m'mbali mwa msewu kapena pamsika, funsani kukhonsolo. Safunsa anadya phula.

2. Samalirani kaye imene ilipo. Yendani m'dera lanu muone mitengo ikuluikulu imene ikuvulazidwa ndi zitsa zimene zikuphukira. Chitsa chili kale ndi mizu yozama, choncho mphukira yake imakula msanga kuposa mbande. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo sadzani. Ku Niger, dziko louma kuposa lathu, alimi anayamba kuchita zimenezi m'zaka za m'ma 1980, ndipo mitengo mamiliyoni ambiri inabwerera m'minda popanda nazale.

3. Sankhani mtengo woyenera malo. Pofuna mthunzi pamsika ndi pasukulu, nimu, mtangatanga ndi kesha zimapirira kutentha kwathu. Pofuna chakudya, bzalani mango, bwemba, masau ndi chammwamba, amene kuno ambiri timati sangowa, amene masamba ake ndi ndiwo zopatsa thanzi kwa ana ndi amayi oyamwitsa. M'munda siyani msangu, umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kusiya mbewu zikulandira dzuwa ndi chonde. M'mbali mwa mtsinje ikani nsungwi, mkuyu, mbawa ndi vetiva. Bulugamu asayandikire chitsime kapena dambo. Mtengo waukulu usabzalidwe pansi pa mawaya a magetsi, kapena pafupi ndi khoma ndi chimbudzi.

4. Bzalani bwino. Kumbani dzenje mvula isanayambe, lotalika ndi lotambalala pafupifupi masentimita 60. Dothi lapamwamba lisakanizeni ndi manyowa owolerana ndipo libwerere pansi. Dikirani mvula ikhazikike, nthaka inyowe ndithu. Chotsani chubu cha pulasitiki mosamala kuti dothi la kumizu lisagumuke. Siyani kabeseni kozungulira kosunga madzi. Phimbirani ndi udzu, koma udzuwo usakhudze tsinde, kuopa chiswe.

5. Mpanda umangidwe tsiku lomwelo. Minga, bango, njerwa zosweka, chilichonse chimene muli nacho. Mbande yopanda mpanda kuno kwathu ndi ndiwo za mbuzi. Ndi bwino kuchedwa kubzala kusiyana ndi kubzala mpanda usanakonzeke.

6. Mtengo uliwonse ukhale ndi mayi wake, ndipo pakhale sikelo ya mitengo. Mlembi wa gulu agule kope. Alembe malo, mtundu wa mtengo, tsiku lobzala ndi dzina la woulera. Kamodzi pamwezi, tikatha mapemphero athu, tiyende limodzi kukaiona, tiyeze msinkhu ndi ndodo, tilembe. Wofota tiufunse chimene chikuuvuta, monga timachitira ndi mwana amene sikelo yatsika. Wakufa tibwezeretse. M'chilimwe, ndowa imodzi kawiri pa mlungu, m'mawa kapena madzulo, ndipo udzu wozungulira ulambulidwe kuopa moto. Mayi akadwala kapena akapita kukadikirira wodwala kuchipatala, mnzake amugwirire. Mutu umodzi susenza denga.

7. Chikondwerero chachikulu tichisunthe. Pa tsiku lobzala tipemphere ndi kugwira ntchito. Koma nyimbo, magule ndi mphatso tizisungire kumapeto kwa Novembala, pamene tidzawerenge mitengo imene yadutsa chilimwe. Tsiku limenelo tiitane amfumu, alangizi, achinyamata, ana a Sande Sukulu, amayi a Mvano, a Chikatolika, a Chisilamu ndi ena onse, chifukwa mthunzi sufunsa kuti umapemphera kuti. Ndipo tipemphe abambo wansembe kuti pa ubatizo, pa chilimbitso ndi pa ukwati banja lizibzala mtengo, monga amachitira m'madayosizi ena a mu Africa, mwana akule pamodzi ndi mtengo wake.

Ndiwonjezepo chenjezo limodzi launamwino. Tikamayamikira mitengo, ena amayamba kunena kuti masamba a nimu amachiza malungo ndi matenda onse. Mwana akatentha thupi musataye nthawi ndi kuwiritsa masamba. Thamangirani naye kuchipatala akamuyeze magazi, ndipo akapezeka ndi malungo amalize mankhwala onse a LA monga mwauzidwira. Nimu atipatse mthunzi, malungo tiwasiyire achipatala.

Mawu otsiriza

Baibulo limayamba ndi munda, umene Mulungu anaupereka kwa munthu kuti aulime ndi kuusunga. Koma limatha ndi mzinda. Mu Chivumbulutso 22, Yohane anaonetsedwa Yerusalemu watsopano, ndipo mu mzindamo anaona mtsinje wa madzi oyera, ndi mtengo wa moyo m'mbali mwake, wobala mwezi uliwonse, umene masamba ake ndi ochiritsa mitundu ya anthu. Mtsinje umenewo sukokolola ana. Mzinda umene Mulungu akutikonzera uli ndi mtengo pakati pake. Ife amene timapemphera tsiku ndi tsiku kuti kufuna kwake kuchitike pansi pano, tiyeni tiyambe kuufanizira pa Dyeratu, pa Miseu Folo, pa Sorgin, pa Tengani ndi pa Fatima.

Mwini munda watipatsa chaka china. Sitikudziwa kuti zatsala zingati. Ambiri a ife amene tsitsi layera sitidzadya bwemba wa mtengo umene tibzale chaka chino, ndipo zimenezo zisatidandaulitse. Tengani khasu, tengani manyowa, tengani ndowa.

Mafunso okambirana m'magulu

Ndi malo ati m'dera lathu pamene amayi ndi ana amadikira padzuwa? Mwa mitengo imene inabzalidwa patchalitchi pathu m'zaka zitatu zapitazi, yatsala ingati, ndipo inayo inafa ndi chiyani? Gulu lathu lingathe kulera mitengo ingati popanda kudikira thandizo lochokera kunja?

Tiyeni tipemphere

Mulungu Atate, Mlengi wa mapiri, mitsinje ndi mitengo yonse, tikuthokozani chifukwa cha kuleza mtima kwanu pa ife. Tonthozani mabanja a m'chigwa chino amene anataya abale, nyumba ndi minda chifukwa cha madzi. Kumbukirani amene amadya chifukwa cha nkhwangwa, ndipo muwatsegulire njira zina zopezera chakudya. Tipatseni mtima wa wantchito wa m'munda uja, kuti tisatope ndi ntchito imene anthu saiona. Dalitsani manja a amayi amene adzanyamula madzi m'chilimwe, ndipo dalitsani ana amene adzakhale pa mthunzi ife titapita. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mtsogoleri wa amayi, chigwa cha Shire